Mbiri ya Mabuku a Ofufuza Milandu ndi a Maloya

 M'nthawi yathu ya lero tikambirana za mtundu wina wa mabuku umene anthu okonda kuwerenga amabwerekana kwambiri, mpaka zikuto zake kuthothoka ndi masamba ake kuda ndi thukuta la m'manja. Awa ndi mabuku a nkhani zopeka zonena za milandu: munthu waphedwa kapena chuma chabedwa, ndipo wina ayenera kupeza wolakwa, kapena kukaima pabwalo la milandu kuteteza woimbidwa mlandu. Kawirikawiri munthu akabweza buku lotere kwa mwini wake amafunsa kuti, kodi muli nalo lina longa lomweli? Funso limeneli limaoneka lapafupi, koma kuti tiliyankhe bwino tiyenera kudziwa kumene mabukuwa adachokera ndi momwe akhala akusinthira. Mbiri yawo ikutionetsa chinthu chimodzi chachikulu, chakuti mabukuwa adabadwa pamene anthu adayamba kufuna umboni asanalange munthu, ndipo mbadwo uliwonse wa olemba wakhala ukufunsa funso lakelake lokhudza umboniwo.

Tiyambe ndi nthawi imene mabuku otere kudalibe. Mitundu yambiri ya anthu padziko lapansi idali ndi njira zoyesera munthu wokayikiridwa popanda kufufuza. Ku Ulaya woganiziridwa mlandu ankamugwiritsa chitsulo chamoto kapena kumuponya m'madzi, ndipo ankati Mulungu ndiye aonetse ngati ali wolakwa. Mchitidwe umenewu udayamba kutha m'chaka cha 1215, pamene msonkhano waukulu wa mpingo umene udachitikira ku Rome udaletsa ansembe kutengamo mbali. Kwathu kuno makolo adali ndi mwabvi, umene udaletsedwa ndi lamulo la m'chaka cha 1911. M'njira zonsezi mudalibe malo a munthu wofufuza, pakuti yankho linkachokera m'chikho kapena m'moto. Nkhani ya wofufuza milandu imafuna dziko limene anthu amakhulupirira kuti phazi losiyidwa m'matope, nthawi imene chitseko chidatsekedwa, ndi mawu a mboni, zingathe kuulula choona ngati munthu wanzeru azisanja bwino.

Maganizo otere adaliko kale ku China. M'chaka cha 1247 woweruza wina dzina lake Song Ci adalemba buku lolangiza akuluakulu a boma za kapimidwe ka mitembo. M'bukumo muli nkhani ya munthu amene adaphedwa ndi chikwakwa. Wofufuza adaitana anthu a m'mudzimo kuti aliyense aike chikwakwa chake pansi, padzuwa. Zikwakwa zonse zinkaoneka zoyera, koma ntchentche zidaunjikana pa chimodzi chokha chifukwa cha fungo la magazi limene madzi sadathe kuchotsa, ndipo mwini wake adavomera. Anthu a ku China adalinso ndi nthano zambiri za oweruza anzeru, monga Di Renjie amene adakhala ndi moyo kuyambira 630 mpaka 700. Kazembe wina wa ku Netherlands, Robert van Gulik, adamasulira limodzi la mabuku akalewo m'Chingerezi mu 1949, kenaka n'kuyamba kulemba akeake onena za woweruza yemweyo, amene amamutcha Judge Dee.

Komabe buku la wofufuza milandu monga tilidziwira lero lidabadwa pamodzi ndi apolisi a masiku ano. Cha m'ma 1812 mzinda wa Paris udakhazikitsa kagulu ka apolisi osavala yunifolomu, kotsogozedwa ndi Eugène-François Vidocq, munthu amene poyamba adali chigawenga ndipo adathawapo m'ndende kangapo. Mbiri ya moyo wake idasindikizidwa mu 1828 ndipo anthu adaiwerenga ndi chidwi m'maiko ambiri. Patapita zaka 13, mu April 1841, mlembi wa ku America, Edgar Allan Poe, adatulutsa nkhani yotchedwa The Murders in the Rue Morgue m'magazini ina ya ku Philadelphia. M'nkhaniyi mayi ndi mwana wake wamkazi aphedwa m'chipinda cha pamwamba chimene chitseko chake n'chokhoma mkati. Mboni zimene zidamva phokoso zikugwirizana kuti zidamva mawu achilendo, koma aliyense akutchula chilankhulo chosiyana ndi mnzake. Apolisi asowa pogwira, ndipo amanga munthu wosalakwa. Amene akumasula mfundoyo ndi C. Auguste Dupin, munthu wamba amene chida chake ndi kulingalira basi. Poe adalemba nkhani zitatu zokha za Dupin, koma m'menemo adaikamo mizati imene olemba akhala akumangirapo mpaka lero: wofufuza wanzeru zakuya, bwenzi lake lofotokoza nkhaniyo, apolisi ofulumira kugamula, ndiponso yankho limene lidali poyera nthawi yonseyi koma palibe adaliona.

Ku England gulu la apolisi a mumzinda wa London lidakhazikitsidwa mu 1829 ndi nduna yotchedwa Robert Peel, ndipo mu 1842 padapangidwa nthambi ya ofufuza milandu ya amuna 8 okha. Charles Dickens adachita nawo chidwi anthu amenewa, kotero kuti m'buku lake la Bleak House, limene lidatuluka pang'onopang'ono mu 1852 ndi 1853, adaikamo wapolisi wofufuza dzina lake Bucket. Buku lomweli limadzudzulanso mabwalo a milandu, pakuti pakati pake pali mlandu wa chuma chamasiye umene wakhala ukuzengedwa kwa zaka zosawerengeka, ndalama zikuthera m'matumba a maloya pamene olowa m'malo akukalamba ali chidikirire. Akuluakulu amati mlandu suwola, koma Dickens adaonetsa kuti anthu odikira chigamulo ndiwo amawola.

M'chaka cha 1860 mwana wamwamuna wa zaka zitatu adaphedwa usiku m'nyumba ya banja lolemera yotchedwa Road Hill House. Mmodzi mwa ofufuza 8 oyamba aja, Jonathan Whicher, adatumizidwa kuchokera ku London. Iye adakayikira mlongo wake wa mwanayo, Constance Kent, mtsikana wa zaka 16, chifukwa cha chovala chogonera chimene chidasowa. Umboni udali wochepa, bwalo lidamasula mtsikanayo, ndipo nyuzipepala zidanyoza Whicher kuti munthu wochokera m'banja losauka walimba mtima bwanji kuloza chala mwana wa m'nyumba yolemekezeka. Patapita zaka zisanu, mu 1865, Constance adavomera yekha kuti ndiye adapha. Mlandu umenewu udakhudza mtima wa Wilkie Collins, bwenzi la Dickens, amene mu 1868 adatulutsa buku la The Moonstone. Nkhani yake ndi ya mwala wa dayamondi wolandidwa ku India, umene ukusowa usiku wa phwando la mtsikana amene wakwanitsa zaka 18. Luso la Collins lidali lakuti nkhaniyo ikufotokozedwa ndi anthu angapo motsatizana, aliyense kunena zokhazo zimene adaona, monga mboni pabwalo. Wowerenga amakhala ngati nduna ya mfumu imene ikumvera mbali zonse isanapereke maganizo.

Tsopano tifike pa dzina limene ngakhale osawerenga adalimvapo, la Sherlock Holmes. Mlembi wake, Arthur Conan Doyle, adali dokotala amene adaphunzira ku Edinburgh pansi pa mphunzitsi wotchedwa Joseph Bell. Bell ankatha kungoyang'ana wodwala, manja ake, nsapato zake ndi kayendedwe kake, n'kunena ntchito imene amagwira ndi kumene wachokera. Doyle adatenga luso limeneli n'kulipereka kwa Holmes m'buku la A Study in Scarlet la mu 1887, limene adaligulitsa kwa osindikiza pa mtengo wa mapaundi 25 okha. Kutchuka kwenikweni kudadza mu 1891 pamene nkhani zifupizifupi za Holmes zidayamba kutuluka mwezi ndi mwezi m'magazini ya Strand. Doyle adatopa naye munthu wakeyo ndipo mu 1893 adamugwetsera m'mathithi a Reichenbach ku Switzerland, koma owerenga adadandaula kwambiri mwakuti mu 1903 adamubwezeretsa wamoyo. Zonse pamodzi, za Holmes pali mabuku aatali anayi ndi nkhani zazifupi 56.

Pali chinthu china cha Doyle chimene chikutionetsa kuti nkhanizi si masewera chabe. M'chaka cha 1903 loya wachinyamata dzina lake George Edalji, mwana wa mbusa wochokera ku India amene ankatumikira m'mudzi wa Great Wyrley, adagamulidwa kukhala m'ndende zaka 7 pa mlandu wovulaza hatchi usiku. Banja lake lidali litazunzidwa kale kwa zaka zambiri ndi makalata achipongwe osasainidwa. Edalji atatulutsidwa mu 1906, koma dzina lake lili chidetsedwere, adalembera Doyle kupempha thandizo. Pa tsiku lokumana, Doyle adamupeza akuwerenga nyuzipepala ataiyandikiza pamphuno penipeni, ndipo monga dokotala wodziwa za maso adazindikira kuti munthu wosaona bwino chotere sakadatha kuyenda m'minda mumdima kukachita zimene ankamunenerazo. Adalemba za mlanduwu m'nyuzipepala, ndipo mu 1907 boma lidachotsa mlandu pa Edalji, ngakhale silidamupatse chipukuta misozi. Mlanduwu ndi umodzi mwa imene idachititsa kuti chaka chomwecho England akhazikitse bwalo la apilo pa milandu yaupandu, limene kale kudalibe.

Nkhondo yoyamba ya padziko lonse itatha, mabukuwa adasanduka ngati mpikisano pakati pa mlembi ndi wowerenga. Mfumukazi ya nyengo imeneyi ndi Agatha Christie. Pa nthawi ya nkhondo iye adagwira ntchito m'chipinda chosakanizira mankhwala pachipatala cha ku Torquay, kumene adaphunzira za mankhwala akupha, ndipo nzeru imeneyi adaigwiritsa ntchito m'buku lake loyamba, The Mysterious Affair at Styles, la mu 1920. M'menemo ndimo tikumana koyamba ndi Hercule Poirot, wapolisi wopuma wa ku Belgium amene adathawira nkhondo ku England. Mu 1930 adatulutsa buku loyamba la Miss Marple, gogo wosakwatiwa wa m'mudzi amene amazindikira zigawenga poziyerekeza ndi anthu a m'mudzi mwake, pakuti iye amadziwa kuti mtima wa munthu ndi umodzimodzi kulikonse. Pomwalira mu 1976, Christie adali atalemba mabuku aatali a milandu okwana 66. Olemba a nthawi imeneyi adafika poika malamulo a mpikisanowo. Wansembe wina amenenso adali mlembi, Ronald Knox, adalemba malamulo 10 mu 1929, ndipo ena mwa iwo ndi akuti wolakwa aonekere kumayambiriro kwa nkhani, kuti mizimu ndi matsenga zisakhale yankho, ndiponso kuti wofufuza asabise kwa wowerenga chizindikiro chilichonse chimene wapeza.

Ife a pawailesi tili ndi chifukwa chokumbukira Christie mwapadera. Mu 1947 iye adalemba kasewero kakafupi kotchedwa Three Blind Mice, kamene kadaulutsidwa ndi BBC pokondwerera kuti Mfumukazi Mary wakwanitsa zaka 80. Kaseweroko adakakuza n'kukhala The Mousetrap, sewero limene lidayamba kuonetsedwa ku London mu November 1952 ndipo lidapitirira osalekeza mpaka mliri wa mu 2020 udaliimitsa, n'kuyambiranso mu 2021. Sewero likatha, mmodzi wa ochita seweroli amapempha oonera kuti asakaulule kunja dzina la wakupha. Pempho limeneli ndi mwambo umene owerenga onse a mabuku a milandu ayenera kusunga, ndipo ine ndausunga m'nkhani ino.

Pamene a ku England ankasewera ndi mitembo ya m'nyumba za olemera, a ku America adatulutsa nkhaniyi n'kupita nayo m'misewu. Dashiell Hammett adagwirapo ntchito yofufuza m'kampani ya Pinkerton, ndipo adadziwa kuti milandu yeniyeni kawirikawiri imabwera chifukwa cha ndalama, katangale ndi mantha. Buku lake la The Maltese Falcon lidatuluka mu 1930, ndipo mu 1939 Raymond Chandler adatulutsa The Big Sleep, m'mene muli wofufuza wotchedwa Philip Marlowe. M'mabuku awa wofufuza amamenyedwa, amanamizidwa ndi omwe adamulemba ntchito, ndipo nthawi zina amapeza kuti apolisi ndi andale ali m'thumba la zigawenga. Funso lidasintha pang'ono. Kudziwa wolakwa sikudalinso kokwanira, pakuti wolakwayo angakhale munthu amene palibe angamugwire. Ambiri a inu mudalowa m'dziko limeneli kudzera mwa James Hadley Chase, amene mabuku ake adayenda kwambiri m'manja mwa owerenga muno mu Africa. Chodabwitsa n'chakuti Chase adali Mngelezi, ndipo buku lake loyamba, No Orchids for Miss Blandish la mu 1939, adalilemba asanapondeko ku America, mothandizidwa ndi mapu ndi buku lotanthauzira mawu a m'misewu ya kumeneko.

Nthambi yachiwiri ya banja limeneli, ya mabuku a maloya, idakula kwenikweni ndi Erle Stanley Gardner. Iye adayamba ntchito ya uloya ku California mu 1911, ndipo ambiri mwa anthu amene adawaimira poyamba adali osauka, makamaka obwera kuchokera ku China. Mu 1933 adatulutsa The Case of the Velvet Claws, buku loyamba la loya wotchedwa Perry Mason, ndipo adalemba mabuku oposa 80 onena za iye. Kalembedwe kake n'kodziwika: munthu wosalakwa wamangidwa, umboni wonse ukuloza kwa iye, koma Mason akufunsa mboni mafunso mpaka bodza ling'ambike pamaso pa woweruza. Nkhanizi zidaulutsidwa pawailesi ku America kuyambira 1943 mpaka 1955, kenaka pakanema. Monga Doyle, Gardner naye sadakhutire ndi milandu yopeka. Mu 1948 adasonkhanitsa akatswiri n'kuyambitsa gulu lotchedwa Court of Last Resort, lofufuzanso milandu ya akaidi amene ankaoneka kuti adamangidwa molakwa.

Kwa Perry Mason bwalo la milandu ndi malo amene choona chimapambana nthawi zonse. Olemba obwera pambuyo pake adayamba kukayika. Mu 1958 padatuluka buku la Anatomy of a Murder, lolembedwa ndi John Voelker pansi pa dzina lakuti Robert Traver. Pa nthawiyo Voelker adali woweruza m'bwalo lalikulu la chigawo cha Michigan, ndipo nkhaniyo adaitenga pa mlandu umene iye mwini adaimira woimbidwa mlandu mu 1952. Msilikali wawombera mwini malo omwera mowa, amene akuti adagwirira mkazi wake. Palibe akukana kuti ndiye adawombera. Chimene bwalo liyenera kugamula n'chakuti kodi mutu wake udali bwino pa nthawiyo, ndipo wowerenga amaona momwe loya amaumbira nkhani kuti igwirizane ndi lamulo. Patapita zaka ziwiri, mu 1960, Harper Lee, mwana wa loya wa ku Monroeville m'chigawo cha Alabama, adatulutsa To Kill a Mockingbird, limene lidapata mphotho ya Pulitzer mu 1961. Loya Atticus Finch akuteteza munthu wakuda, Tom Robinson, amene akunenedwa kuti adagwirira mkazi wachizungu m'zaka za m'ma 1930. Kumeneko mlandu waukulu umagamulidwa ndi anthu wamba 12 osankhidwa m'dera lomwelo, ndipo pa mlandu uwu onse ndi azungu. Wowerenga amadziwa choona msanga. Chimene chimamugwira mtima ndi kufuna kuona ngati anthu 12 aja adzalimba mtima kutsata umboni pamene anansi awo onse adagamula kale.

Kutchuka kwa mabuku a maloya kumene tikuona masiku ano kudayamba ndi anthu awiri. Scott Turow adali loya woimira boma ku Chicago, ndipo mbali yaikulu ya buku lake la Presumed Innocent adailemba m'sitima popita kuntchito. Bukuli lidatuluka mu 1987, ndipo likunena za Rusty Sabich, loya wa boma amene akupatsidwa ntchito yofufuza imfa ya mnzake wa pantchito, mkazi amene adali naye pachibwenzi chamseri, mpaka iye mwini kupezeka ali m'bokosi la woimbidwa mlandu. Wachiwiri ndi John Grisham, amene adali loya m'tauni yaing'ono ya Southaven ku Mississippi. Mu 1984 adamva mtsikana wa zaka 12 akupereka umboni m'bwalo pa nkhanza zimene adachitidwa, ndipo adadzifunsa chimene chikadachitika bambo wa mwanayo akadabwezera yekha. Kwa zaka zitatu ankadzuka m'mamawa kulemba asanapite kuntchito. Osindikiza ambiri adalikana bukulo, ndipo A Time to Kill litatuluka mu 1989 adangosindikiza makope 5,000. Buku lake lachiwiri, The Firm la mu 1991, lonena za loya wachinyamata amene akupeza kuti kampani yomulipira bwino ku Memphis ili ndi chinsinsi choopsa, ndilo lidamutchukitsa padziko lonse. Mu 2006 Grisham adalemba nkhani yoona, The Innocent Man, ya Ron Williamson wa ku Oklahoma, amene adagamulidwa kuti aphedwe mu 1988, adafika potsala masiku asanu okha kuti chilango chichitike, ndipo adamasulidwa mu 1999 kupima kwa DNA kutaonetsa kuti sadali iye. Onani kuti Doyle, Gardner ndi Grisham, amuna a mibadwo itatu yosiyana, onse adayamba ndi kupeka milandu n'kumaliza ndi kumenyera anthu enieni omangidwa popanda chifukwa.

Olemba a mu Africa nawo adautenga mtundu umenewu n'kuuveka zovala zakwawo. Ku Zanzibar, Muhammed Said Abdulla adatulutsa mu 1960 buku la m'Chiswahili lotchedwa Mzimu wa Watu wa Kale. Wofufuza wake, Bwana Msa, amasuta kaliwo ndi kulingalira mofatsa ngati Holmes, ndipo pamene anthu akuopa malo a mizimu, iye amapita kukayang'ana zimene zili pansi. Bukuli lidatsimikiza kuti nkhani ya wofufuza ingathe kulembedwa bwino lomwe m'chilankhulo cha kuno. James McClure wa ku South Africa adatulutsa The Steam Pig mu 1971, m'mene wapolisi wachizungu Kramer ndi mnzake wachizulu Zondi akugwira ntchito limodzi pansi pa malamulo a tsankho amene ankawaletsa ngakhale kudyera pamodzi poyera. Alexander McCall Smith, wobadwira ku Bulawayo mu 1948 amene adakhala mphunzitsi wa malamulo ku Edinburgh, adatipatsa Mma Precious Ramotswe wa ku Botswana mu 1998, mayi amene milandu yake yambiri ndi ya m'mabanja ndipo amaithetsa ndi nzeru ndi chifundo. Koma amene akufuna buku lolemera awerenge The Screaming of the Innocent la mu 2002, lolembedwa ndi Unity Dow, mayi woyamba kukhala woweruza m'bwalo lalikulu la Botswana. Mtsikana wa zaka 12 wasowa m'mudzi, apolisi auza mayi wake kuti adadyedwa ndi zilombo, ndipo patapita zaka zisanu bokosi la zovala zake lipezeka pachipatala chaching'ono. Dow akufunsa funso limene limapweteka, lakuti umboni uli ndi mphamvu yanji ngati olakwa ali anthu olemekezeka.

Tsono tibwerere ku funso la mnzathu wofuna buku lina. Mbiri imene tayendamoyi ikutipatsa njira yomuyankhira. Choyamba mufunseni chimene chidamukondweretsa m'buku limene wabweza. Ngati adakondwa ndi kupikisana nzeru ndi mlembi, kuyesa kutulukira wolakwa tsamba lomaliza lisanafike, mupatseni Christie, ndipo ayambe ndi Murder on the Orient Express la mu 1934 kapena The Murder of Roger Ackroyd la mu 1926. Ngati ndi wophunzira wa kusekondale amene Chingerezi chake chikukula kumene, nkhani zazifupi za Holmes zimuyenera, chifukwa iliyonse angaimalize madzulo amodzi. Ngati adazolowera Chase ndipo akufuna liwiro lomwelo koma ndi mawu osankhidwa bwino, mulozereni kwa Hammett ndi Chandler. Ngati amakonda kukhala pabwalo la mfumu kumvera momwe mboni zikufunsidwira, ayambe ndi Gardner, kenaka Turow ndi Grisham. Ndipo ngati ndi munthu wofatsa amene amadzifunsa chifukwa chake osauka amagonja pa milandu, mupatseni Harper Lee ndi Unity Dow, koma mumuchenjeze kuti awa si mabuku opumira nawo. Kupatsa munthu wofuna mpikisano wa nzeru buku lachisoni, kapena wofuna chilungamo buku lamasewera, n'kumene kumachititsa ena kunena kuti mabuku a mtundu uwu ngachabe.

Pali mwambo wina woyenera kuusunga pobwerekana. Musaulule mathero, ngakhale mwa nthabwala. Musalembe dzina la wakupha m'mphepete mwa tsamba la buku la kulaibulale, pakuti potero mwabera anthu onse amene adzaligwire pambuyo panu. Ndipo buku lobwereka libwerere kwa mwini wake, chifukwa m'madera ambiri buku limodzi limatumikira sukulu yonse kapena ofesi yonse.

Pomaliza, wina angafunse kuti munthu wamkulu amapindulanji powerenga za imfa zopeka za anthu a kutali. Yankho lili m'zimene mabukuwa amazoloweretsa mtima. Munthu amene wawerenga mabuku makumi awiri otere waona kambirimbiri kuti woyamba kukayikiridwa kawirikawiri sakhala wolakwa, kuti mboni yolumbira ndi mtima wonse ingathe kulakwitsa, ndiponso kuti khamu likagwirizana msanga m'pamene pafunika kusamala koposa. Tsiku lina kumsika kudzamveka mfuu yakuti wakuba, kapena m'mudzi chala chidzaloza gogo wina kuti ndiye walodza mwana. Pa tsiku limenelo padzafunika munthu mmodzi woima n'kufunsa kuti, adaona ndani, adaona liti, ndipo adaima pati? Makolo adati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Kuyambira pa ntchentche za Song Ci mpaka pa kupima kumene kudapulumutsa Ron Williamson, olemba awa akhala akutiphunzitsa kufunafuna chimene chidatsitsa dzayelo tisanatole mwala.